Nkhani za Akatswiri ndi Kukhazikitsa Mabuku ku Yunivesite: Mafunso ndi Mayankho

Kodi pa msonkhano wa akatswiri pamachitika zotani?

Wofufuza amaima pamaso pa anzake, ophunzira ndi aliyense wofuna kumva, n'kufotokoza zomwe wapeza pa mbiri yakale, zilankhulo, chipembedzo, nthano kapena nyimbo. Akamaliza, mafunso amayamba, ndipo phindu lagona pamenepa. Wina amafunsa komwe anatenga umboni, wina amatsutsa chaka chomwe watchula, wophunzira amakumbutsa zomwe agogo ake anamuuza. Ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba, misonkhano ikuluikulu imachitikira mu Great Hall.

Nanga mwambo wokhazikitsa buku?

Katswiri wina yemwe waliwerenga amaliunika, kutchula mphamvu zake ndi pomwe laperewera. Mlembi amayankha, anthu amagula, iye n'kuwasainira.

Kodi mabuku otere amasindikizidwa kunja kokha?

Ayi. M'zaka za m'ma 1990, nthambi ya maphunziro a zaumulungu ndi zipembedzo ku Chancellor College, koleji ya yunivesiteyi, inayambitsa Kachere Series, Klaus Fiedler ndi Kenneth Ross ali m'gulu la otsogolera. Cholinga chinali chomveka: kafukufuku wokhudza Amalawi azipezeka m'Malawi momwemo, pa mtengo woti mphunzitsi kapena m'busa angakwanitse. Mwa mabuku ake muli la Isabel Apawo Phiri la mu 1997, lofotokoza moyo wa amayi a Chichewa mu mpingo wa CCAP m'chigawo chapakati. Buku lotere likasindikizidwa ku London kokha, amayi omwe akukambidwamo sangalione n'komwe.

Kodi ufulu wolankhula chotere unalipo kuyambira kale?

Sunalipo, ndipo achinyamata ayenera kudziwa zimenezi. Jack Mapanje, mmodzi mwa oyambitsa gulu la alembi pa kolejiyi mu 1970, anatulutsa buku la ndakatulo mu 1981. Boma la Kamuzu Banda linalichotsa m'masukulu ndi m'masitolo. Mu 1987 Mapanje, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, anamangidwa n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu, mpaka 1991. Masiku amenewo munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanafunse funso.

Kodi anthu wamba amapindula ndi misonkhano ndi mabuku amenewa?

Osati mokwanira, ndipo n'zomvetsa chisoni. Nkhani zambiri zimakambidwa m'Chingerezi, chonsecho yunivesite yomweyi ili ndi likulu loona za zilankhulo lomwe linakhazikitsidwa mu 1996 n'kutulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja. Luso lilipo. Matthew Schoffeleers analemba za chipembedzo cha Mbona atakhala nthawi yaitali akumvetsera akuluakulu a ku Nsanje, komwe kuli kachisi wa Mbona wa Khulubvi. Wofufuza wa lero akatenga nzeru kwa anthu otere, ayenera kubwerera kumudziko ndi buku lake, akawafotokozere m'chilankhulo chawo zomwe walemba, ndipo iwo akamuwongole pomwe walakwitsa.