Kuphunzitsa mwana pakhomo ku Masasa: mafunso ndi mayankho

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ana a ku Masasa, mu mzinda wa Mzuzu, adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Makolo amene adayesa kuphunzitsa ana pakhonde nthawi imeneyo adatsala ndi mafunso, ena mwa iwo ndi awa.

Kodi kuphunzitsa mwana pakhomo n'kutani kwenikweni?

Ndi pamene kholo, agogo kapena mkulu wake wa mwana amuphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu kunyumba, pa nthawi yoikika tsiku ndi tsiku. Ena amachita izi pothandizira zimene mwana waphunzira kusukulu, pomwe ena amamuchotseratu kusukulu. Njira yachiwiriyi ndi yofala ku America. Kwathu kuno yoyambayo ndiyo ingathandize mabanja ambiri.

Ndiye ndingamusiyitse sukulu n'kumamuphunzitsa ndekha?

Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulaimale, ndipo m'sukulu za boma pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994. Mwana akakwanitsa zaka 6, kamulembetseni Sitandade 1. Ngati pali chomulepheretsa, monga matenda okhalitsa kapena ulumali, kakambiraneni ndi mphunzitsi wamkulu komanso mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, amene ambiri timangomutchula kuti a PEA.

Nanga mayeso a boma angalembe bwanji?

Mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo dzina la wolemba limadzera pa sukulu kapena malo ovomerezeka. Pa mayeso a Fomu 4, munthu amene sali m'kalasi atha kulembetsa ngati wolemba wapadera. Koma kumbukirani kuti malo a Fomu 1 m'sekondale za boma amaperekedwa potengera zotsatira za Sitandade 8.

Ine sukulu ndidalekezera panjira. Ndingamuphunzitse chiyani?

Zambiri ndithu. Muuzeni akuwerengereni mokweza zimene walemba m'kope lero, inu mukusenda mbatata, kenako afotokoze m'mawu ake zimene wamvapo. Ngati mumagulitsa tomato kapena makala pakhomo, mwana awerengere chenji inu mukuyang'ana. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa kumukhazika Loweruka lonse mpaka atatopa.

Kunyumba timayankhula Chitumbuka. Sizimusokoneza?

Ayi. Mwana amene amatha kusimba nthano mwadongosolo m'Chitumbuka kapena m'Chitonga savutika kutero m'Chichewa ndi m'Chingerezi, zomwe amaphunzira kusukulu. Mufotokozereni chinthu m'chiyankhulo cha pakhomo mpaka amvetse, kenako mupezere limodzi mawu ake m'buku.

Mabuku ndingawapeze kuti?

Silabasi ndi mabuku a pulaimale amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, choncho funsani aphunzitsi mutu umene kalasi ili, kuti pakhomo musaphunzitse zosiyana. M'tauni ya Mzuzu muli laibulale ya National Library Service momwe mwana angakawerenge. Ngakhale nyuzipepala yakale ndi kalendala ya chaka chatha ndi zowerenga.

Zoumbaumba ndi galimoto zamawaya si kungotaya nthawi?

Si kutaya nthawi. Mwana wokonza galimoto yamawaya amayeza kuti mateyala anayi afanane, amapinda waya kuti chiwongolero chifike m'chiuno mwake, ndipo galimoto ikamakokera mbali imodzi amafufuza cholakwika. Umenewo ndi muyeso ndi kulingalira, zomwe akakumana nazo m'masamu. Aphunzitsi nawo amaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, njira yomwe amaitcha TALULAR.

Tingapange chiyani popanda kugula kanthu?

Tolani zitsekerero za mabotolo 20, muziboole ndi msomali n'kuzitunga pa waya: chowerengera chatheka. Dulani katoni m'tizidutswa, lembani phatikizo limodzi pa kalikonse, monga "ma", "sa" ndi "ka", mwana azilumikiza kuti apange mawu. Majumbo akale ndi chingwe zimapereka mpira wachikulunga, ndipo dothi limapereka ng'ombe ndi timiphika.

Pali choopsa chilichonse pa ntchito zimenezi?

Lumo, msomali ndi waya wadzimbiri zigwiridwe wamkulu ali pompo. Chachikulu ku Masasa ndi kokatenga dothi. Nyumba zambiri zili pamtsetse, ndipo mvula ya Epulo 2016 idagwetsa nyumba m'madera angapo a Mzuzu, kuphatikizapo kuno. Mwana asakumbe dothi m'munsi mwa gomo lodulidwa kapena kuseri kwa maziko a nyumba, makamaka nthaka ikanyowa.

Ulendo wophunzira ungakhale wa kuti?

Yambani ndi pafupi: msika waukulu wa Mzuzu, kumene mwana angalembe mitengo ya zinthu zisanu n'kuiwonkhetsa pobwerera. Nkhata Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo kumeneko akaona nyanja, asodzi a usipa ndi doko lomwe sitima ya Ilala imakocheza. Amene angathe ulendo wogona apite ku Livingstonia kukaona nyumba yakale ya Stone House ndi mathithi a Manchewe, kapena ku Karonga kumene nyumba yosungira zakale imaonetsa chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus.

Tikonzekere bwanji?

Sankhani tchuthi, makamaka chachitali cha kumapeto kwa chaka cha sukulu pamene mvula yaleka, kuti mwana asajombe. Funsani mtengo wa minibasi kudepoti tsiku lisanafike, ndipo mwana awerengere yekha ndalama ya banja lonse, kupita ndi kubwera. Tengani madzi akumwa, kamba, kope ndi pensulo. Kunyanja asalowe m'madzi popanda wamkulu, ndipo apewe malo a bango ndi madzi odikha, komwe kumakhala nkhono zofalitsa likodzo.