KUKONZEKERA OPALESHONI YA PROSTATE: PHUNZIRO KWA ABAMBO A KU NSANJE

Bambo akapitirira zaka 50, kakodzedwe kake kamayamba kusintha. Mkodzo umachedwa kubwera, umatuluka mofooka, ndipo usiku munthu amadzuka katatu kapena kanayi. Ena amati n'ukalamba chabe, ena amaganizira ufiti, ndipo ambiri amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Kaŵirikaŵiri gwero la vutoli ndi kukula kwa prostate. Matendaŵa amachizika, koma opaleshoni yake imayenda bwino kwa munthu amene wayamba kukonzekera kudakali masabata angapo.

PROSTATE N'CHIYANI?

Prostate ndi kachiŵalo ka amuna okha, kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo ndipo kamazinga njira ya mkodzo monga mphete pachala. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwa mnyamata imalemera magalamu pafupifupi 20, kukula kwake ngati suku limodzi, koma mwa achikulire ena imapitirira magalamu 100. Pafupifupi theka la amuna a zaka 60 prostate yawo imakhala itakula. Kukula kotere si khansa, ngakhale kuti matenda aŵiriŵa angathe kupezeka mwa munthu mmodzi.

Prostate ikafinya njira, mkodzo umatsalira m'chikhodzodzo. Mkodzo wotsalirawo umaswetsa tizilombo, umapanga timiyala, ndipo pamapeto pake umaononga impso. Ukatsekeka kotheratu ndi ngozi: wodwala afike kuchipatala tsiku lomwelo kuti amuike kapaipi ka mkodzo. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

NJIRA ZA OPALESHONI

Ambiri amayamba ndi mankhwala monga tamsulosin ndi finasteride. Mankhwala akalephera, pali njira zitatu:

1. Kung'amba pamimba, kunsi kwa mchombo, ndi kuchotsa mnofu wokulawo.

2. Njira yotchedwa TURP. Dokotala amaloŵetsa chida chopyapyala m'njira ya mkodzo napala mnofuwo ndi kawaya ka magetsi, osang'amba khungu.

3. Njira ya laser. Dzinali lisasokonezedwe ndi lezala. Laser ndi kuŵala kwamphamvu kumene kumadula mnofu ndi kutseka mitsempha ya magazi nthaŵi yomweyo. Mtundu wake wotchuka, HoLEP, udayambitsidwa ndi dokotala Peter Gilling ndi anzake ku Tauranga, New Zealand, m'zaka za m'ma 1990. Magazi amatayika ochepa, ndipo kapaipi kamachotsedwa patatha tsiku limodzi kapena aŵiri. Makina ake ndi okwera mtengo. Amapezeka m'zipatala zazikulu za maiko monga South Africa ndi India.

M'zipatala za boma m'Malaŵi muno njira zodziŵika kwambiri ndi ziŵiri zoyambazo. Dokotala ndiye amasankha poona kukula kwa prostate ndi thanzi la munthu. Kukonzekera kwake n'kofanana pa njira zonse zitatu.

KUPIMIDWA

Ulendo umayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, monga Ndamera, Tengani kapena Sorgin. Kuchokera pamenepo wodwala amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Nsanje, kapena ku Trinity ku Muona kwa okhala kutsidya kwa Shire. Ofunika madokotala aakulu amapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Dokotala amagwira prostate poloŵetsa chala chovala gulovu kotulukira chimbudzi. Zimatenga mphindi imodzi chabe, ndipo palibe chochititsa manyazi. Mkodzo umapimidwa, pakuti tizilombo tiyenera kuphedwa opaleshoni isanachitike. Kuchigwa kuno likodzo ndi lofala pakati pa asodzi ndi olima m'madimba, ndipo nalo limatulutsa magazi mumkodzo. Likapezeka, wodwala amwe praziquantel. Amapimanso kuchuluka kwa magazi ndi gulu lake, impso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Malungo achizidwe msanga chifukwa amachepetsa magazi.

MANKHWALA NDI ZAKUDYA

Wodwala atengere dokotala mankhwala onse amene akumwa, ali m'mapaketi ake. Aspirin, warfarin ndi clopidogrel amachedwetsa kuundana kwa magazi; dokotala yekha ndiye anene tsiku lolekera, munthu asaleke payekha. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa ndi kutenga okwanira ulendo wonse. Wa matenda a shuga afunse za kamwedwe ka mankhwala ake pa tsiku la opaleshoni. Zitsamba za kwa sing'anga zisabisidwe, pakuti zina zimaononga impso zofooka kale.

Fodya ndi kachasu zisiyidwe kudakali mwezi wathunthu. Nsomba, nyemba, mazira ndi masamba monga bonongwe ndi nkhwani zimathandiza kupanga magazi. Mapapaya ndi mango zimateteza kudzimbidwa, kumene kumafinyanso njira ya mkodzo.

Amene ali ndi kapaipi asambe ndi sopo tsiku lililonse pamene kaloŵera, thumba likhale m'munsi mwa chiuno, ndipo akasinthitse pa tsiku limene achipatala anena. Poti Nsanje ndi dera lotentha, amwe madzi aukhondo okwanira. Kudzimana madzi poopa kukodza n'kudzivulaza.

ULENDO WA KU BLANTYRE

Kuchokera ku Nsanje boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180. M'dzinja misewu ingathe kuduka, monga zidachitikira mu Januwale 2015 ndi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Wopatsidwa tsiku la m'miyezi yamvula anyamuke kudakali masiku aŵiri. Atenge buku lake la kuchipatala, kalata yomutumizira, zotsatira za zopimidwa, ndi ndalama zopitira ndi zobwerera. Banja lisankhiretu womudikirira. Ndi bwinonso kuti abale athanzi apereke magazi, pakuti ena amafunika kuonjezeredwa magazi, makamaka pa opaleshoni yong'amba.

ZOKAMBIRANA NDI MAYI KUNYUMBA

Abambo ambiri amaopa kuti mphamvu za m'banja zidzatha. Kwa ambiri mphamvuzo zimakhala monga zinalili. Chimene chimasintha kaŵirikaŵiri n'chakuti umuna sutulukanso kunja. Umabwerera m'chikhodzodzo ndi kutuluka pamodzi ndi mkodzo. Zimenezi sizivulaza, koma zimachepetsa mwayi wobereka, choncho wofunabe ana auziretu dokotala. Mayi akadziŵa izi pasadakhale, m'nyumba simudzuka kukayikirana. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti zonse amufotokozere m'Chisena kapena m'Chimang'anja asanasaine kapena kudinda chala pa chikalata chovomereza.

TSIKU LA OPALESHONI NDI PAMBUYO PAKE

Wodwala asadye kanthu kwa maola 6 opaleshoni isanayambe, ngakhale phala; za madzi atsate zimene namwino wanena. Asambe thupi lonse. Ambiri amabayidwa jekeseni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, ndipo samva kupweteka.

Atabwerera kumudzi, timagazi mumkodzo ndi kudontha kwa mkodzo zingachitike kwa masabata angapo. Amwe madzi pafupifupi malita 2 patsiku. Kwa masabata 4 mpaka 6 asagwire khasu, asapalase bwato, asanyamule matumba, asakwere njinga kapena kabaza, ndipo asakhale malo amodzi ndi mkazi wake. N'chifukwa chake banja liyenera kupanganiratu za amene adzasamala dimba ndi ziŵeto. Abwerere kuchipatala msanga ngati mkodzo watsekeka, ngati mukutuluka magazi oundana, kapena ngati thupi latentha ndi kunjenjemera.

MAFUNSO OKAMBIRANA PACHIPATALA

1. Kodi mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo umaononga ziŵalo ziti?

2. N'chifukwa chiyani dokotala ayenera kuona mankhwala onse, ndi zitsamba zomwe?

3. Kodi ndi zizindikiro zitatu ziti zimene ziyenera kubweza wodwala kuchipatala?