KUYESA NTHAKA YA M'MUNDA

Nthaka iribe pakamwa, koma mlimi wanzeru adziwa kuifunsa. Ayamba ndi kupenya mbeu zace. Masamba a cimanga akacita cikasu kuyambira m'munsi, nthaka yasowa cakudya cochedwa nayitrojeni. Akafiirira m'mbali cimanga ciri cacing'ono, yasowa fosifolasi. Kaufiti akacuruka, munda waguga.

Koma nthenda yina siioneka msanga, ndiyo kuwawasa kwa nthaka. Ana onse adziwa kuti ndimu liwawasa, ndi kuti cidulo ca phulusa citsutsana nalo. Nthaka nayonso ipendekera kwa ndimu kapena kwa cidulo. Muyeso wace uchedwa pH, ndipo anauyamba Sørensen wa ku Denmark m'caka ca 1909. Uyambira pa 0 kufikira 14. Pa 7 ndipo pakati. Kunsi kwace ndiko kowawasa.

Poyesa, mlimi atapa dothi m'malo asanu a munda, nalisanganiza m'mbale yoyera, nathiramo madzi a mvula. Dothi litadikha, abviikamo kapepala koyesera, nafanizira maonekedwe ace ndi manambala. Cimanga cikondwera pa 6. Nthaka ikatsika kunsi kwa 5, mizu ikanika kudya, cingakhale cakudya ciripo.

Mankhwala ace ndiwo njereza, kapena phulusa pang'ono, pamodzi ndi manyowa. Nandolo ndi mtedza zibweza nayitrojeni. Koma wolima osafunsa nthaka ataya thukuta lace cabe, ndipo nkhokwe yace itha dzinja lisanafike.

Mafunso
1. Kaufiti auza mlimi ciani?
2. Phulusa lithandiza nthaka yotani?