Mano oikirira saola, ndiye amatsukidwiranji?

Munthu akataya mano awiri kapena atatu, kaya chifukwa chobowoka kaya pangozi ya njinga, dokotala wa mano amatha kumupangira mano oikirira ongotseka pamene pagweluka. Manowa amakhala pa kapulasitiki kofiirira ngati nkhama kotchedwa acrylic, ndipo ambiri amakhala ndi tizitsulo tokowa mano enieni a m'mbali kuti asamagwedezeke. Pulasitiki saola, zimenezo tikudziwa. Nanga kuvutikiranji kutsuka?

Amene ali pachiopsezo ndi mano enieni otsalawo, makamaka amene akoledwa ndi tizitsulo. Pansi pa kachitsulo ndi pakati pa pulasitiki ndi nkhama pamabisala zakudya, ndipo malovu safikapo bwino. Mabakiteriya, monga Streptococcus mutans, amamanga pamenepo kalitsiro konanda kotchedwa plaque. Akadya shuga wa mu tiyi kapena mandasi amatulutsa asidi. Mukukumbukira sikelo ya pH ya mu Chemistry? Ikatsika kupyola pafupifupi 5.5, chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka. Dzino logwirizira lija likabowoka n'kuchotsedwa, mano oikirira aja alibenso pogwira. Munthu wataya ziwiri nthawi imodzi: dzino ndi ndalama.

Katsukidwe kake n'kosavuta, koma anthu amalakwitsa pofuna kuchita bwino. Muwavule mukatha kudya n'kuwatsukuluza, ndipo kamodzi patsiku muwakweche ndi mswachi wofewa ndi sopo wamadzi wosanunkhira kwambiri. Mankhwala otsukira mano aja ayi. Muli timchenga tosaoneka tokwechera dzino lenileni, koma acrylic ndi wofewa, ndiye timamukanda. M'mikwingwirima imeneyo ndi momwe mabakiteriya amakhazikika osachoka. Madzi owira nawonso ayi, ngakhale ambirife tinaphunzira kuti kuwiritsa kumapha tizilombo. Acrylic akatentha amafewa n'kupindika, ndipo akapindika pang'ono chabe salowanso bwino m'kamwa. Jik amadya tizitsulo tija komanso amasuwitsa mtundu wa pulasitiki. Chinanso, muzitsukira pamwamba pa beseni la madzi kapena pa thaulo, chifukwa akagwa pa simenti amasweka ngati kapu.

Mukawavula, musaiwale m'kamwa mwenimwenimo. Mano enieni atsukidwe kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, mswachi uzungulire bwino dzino lililonse limene limakoledwa.

Nkhani yaikulu ndi ya usiku. Ambiri safuna kugona atavula, mwina chifukwa cha manyazi, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma tikagona malovu amachepa kwambiri, pomwe ndi malovuwo amene amakokolola tizilombo ndi kuchepetsa mphamvu ya asidi. Pansi pa pulasitiki pamakhala pofunda ndi pachinyezi, malo okondedwa ndi kafangayi kotchedwa Candida albicans. Kakachuluka, nkhama zimafiira ndi kutupa, kawirikawiri popanda ululu, moti mwiniwake sadziwa. Zimapitiriranso apo. Kafukufuku wa ku Tokyo, Japan, amene anasindikizidwa mu 2015, anatsatira okalamba a zaka 85 kupita m'tsogolo ndipo anapeza kuti ogona atavala mano oikirira anali ndi chiopsezo chodwala chibayo chowirikiza kawiri poyerekeza ndi ovula. Tizilombo ta m'kamwa timatha kutsikira m'mapapo munthu ali m'tulo. Ngati kwanu kuli agogo ovala mano otere, mfundo iyi muwauze lero. Usiku manowo agone m'kapu ya madzi oyera ozizira, kutali ndi ana ndi agalu.

Pakapita zaka, fupa la pamene panachoka dzino limaphwa pang'onopang'ono, ndiye mano aja amayamba kukhwepa. Musapinde kachitsulo ndi pulayala, musamate ndi Super Glue. Apite nawo kwa dokotala wa mano, yemwe angawonjezere acrylic kunsi kwake kuti agwirenso. Chilonda cha m'kamwa chikatha milungu iwiri osapola, nachonso chikaonedwe kuchipatala.