Mapeyala Akufota Mvula Ikugwa: Mafunso ndi Mayankho kwa Alimi a ku Misuku

Bwanji mtengo wanga wa mapeyala ukufota pamene mvula ikugwa tsiku ndi tsiku?

Musathamangire kuuthirira. Fukulani pang'ono pansi pake muone timizu. Tamoyo timakhala toyera, todwala timada bii n'kumathothoka mukangotitsina. Timizu tikaola mtengo sungamwenso madzi, masamba amatuluka ang'onoang'ono achikasu, nthambi za kunsonga n'kuyamba kuuma. Nthawi zina umabereka tizipatso tambirimbiri, mwini wake n'kumakondwa, osadziwa kuti mtengo ukutsanzika.

Chimayambitsa matendawa n'chiyani?

Ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, Phytophthora cinnamomi, komwe akatswiri anakazindikira mu 1922 pa mitengo ya sinamoni ku Sumatra. Timbewu take tili ndi timichira, timasambira m'madzi a m'nthaka kusakasaka mizu. Kachibale kake, Phytophthora cactorum, kamaoletsa tsinde la maapozi ndi mapeyala achizungu pomwe tsindelo lakhudzana ndi dothi: khungwa limada, ukasenda mkati n'mofiirira.

Kwathu kuno n'kumapiri, madzi amatsetsereka. Angadikhe pati?

M'dzenje lomwe munakumba nokha. Dothi likakhala lamakande, dzenje lakuya limasunga madzi ngati mtsuko, ndipo mbande imakhala m'matope mvula yonse. Komanso madzi ochokera kumunda wa kumtunda amatsika ndi kachilomboka, monganso dothi lomata ku khasu ndi kumapazi. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi mbande za ku nazale: munthu amagula yekha matenda m'chubu n'kukawabzala pakati pa khofi wake.

Ndibzale bwanji tsono?

Unjikani mtumbira ndi kubzala pamwamba pake, polumikiza mbande pakhale poonekera, osakwirira. Lambulani ngalande kumtunda kuti madzi alambalale. Yalani manyowa ndi masamba ouma pansi pa mtengo, koma asagunde tsinde, ndipo musalime ndi khasu pamenepo chifukwa mizu ya mapeyala imayenda pamwamba.

Nanga mankhwala alipo?

Ridomil, amene ambiri timamudziwira pa matimati ndi mbatatesi, amangochepetsa matendawa. Ku South Africa, m'zaka za m'ma 1980, anayamba kubaya mitengo jakisoni wa phosphonate, ndipo mitengo yambiri inatsitsimuka, koma kachilombo kamatsalabe m'dothi kwa zaka. Musanagule mankhwala kaonaneni ndi alangizi a zaulimi. Pomwe pafera mtengo musabzalepo wina wa mapeyala.