Phunziro la Zakudya: Hummus, Chipere cha Tchana ndi Chitowe

Mwezi uno tiphunzire za chakudya chotchedwa hummus. Dzinali ndi la Chiarabu ndipo limatanthauza tchana. Anthu a ku Lebanon, Syria, Jordan ndi Palestine akhala akuchidya kuyambira kale, ndipo a ku Israel anachiphunzira kwa anansi awowa. Mpaka lero amalimbirana umwini wake. Mu January 2010 anthu a ku Abu Ghosh, pafupi ndi Jerusalem, anakonza mbale ya makilogalamu oposa 4,000. Mu May a ku Lebanon anabwezera ndi yoposa 10,000!

Hummus wa ku Israel amadziwika ndi kusalala kwake. Ndi amene anatchukitsa malo odyera a Zahav, omwe Michael Solomonov anatsegula ku Philadelphia mu 2008. Eni malesitilanti amamukonda chifukwa tchana sadula. Komanso mulibe nyama kapena mkaka, choncho Myuda, Msilamu ndi wosala nyama onse amapisa m'mbale imodzi.

Ife amene timadziwa chipere sitingavutike. Tiviike kapu imodzi ya tchana usiku wonse, titathiramo kasupuni ka soda. M'mawa titaye madziwo, tiphike m'madzi ena ndi soda pang'ono mpaka tchanayo azinyenyeka tikamukanikiza ndi zala. Apa mpamene ambiri amalakwitsa pophula msanga. Soda amafewetsa makoko, ndipo oyandamawo tiziwayengula ndi kutaya. Chitowe tichikazinge pang'ono, chisapserere chifukwa chimawawa, kenako tichisinje mpaka chituluke mafuta. Tisachiumire ayi: ophika a ku Israel amathira chambiri, ndipo ndicho chimapatsa kukoma. Adyo wosinja ayambe wakhala m'madzi a mandimu mphindi 10 kuti ukali wake uchepe. Tikatero tisakanize zonse ndi mchere, tikupakasa ndi kudonthezera madzi ozizira. Alibe makina, mtondo ndi sefa zikwanira.

Tchana amalimidwa kuno kwathu ku Thyolo ndi Mulanje, chitowe ku Chikwawa ndi Nsanje, koma kawirikawiri timangogulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, ana kunyumba akusowa zakudya zomanga thupi. Kwawoko amadyera buledi wa pita. Ife tiyese ndi mbatata kapena chinangwa chophika. Ngati tilibe firiji, chidyedwe tsiku lomwelo. Pamsonkhano ukubwerawu gulu lililonse libweretse tchana woviika kale, chitowe ndi mandimu awiri kuti tidzayesere limodzi.