Opaleshoni pa thupi losaima

Ana inu, tsekani kaye makopewo. Ikani chikhatho m'munsi mwa nthiti za kumanja, mupume mwakuya. Chimene chikukankha dzanja lanucho ndi mnofu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Ukatsika, mapapo amadzaza mpweya, chiwindi ndi impso nazo zimatsika, ukakwera, zimabwerera. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndipo pa kupuma kulikonse chiwindi chimasuntha sentimita imodzi kapena awiri. Mtima nawo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Wodwala angagonekedwe chotani kufiyeta, m'kati mwake simukhala bata.

Madokotala athu, kaya pa chipatala cha boma ku Dedza kaya ku Nkhoma, vutoli amathana nalo ndi maso ndi manja. Wodwala akakhala pa makina opumira, dokotala angapemphe wogoneka odwala kuti aimitse mpweya kwa masekondi ochepa, dokotalayo asoke pamalo povuta. Mtima ndiye unavuta kwambiri. Mu 1953, ku Philadelphia, John Gibbon anachita opaleshoni ya mtima makina akugwira ntchito ya mtima ndi mapapo a wodwalayo. M'zaka za m'ma 1990, ku Utrecht anapanga chipangizo chotchedwa Octopus, chimene chimayamwa ndi kugwira kachigawo kakang'ono ka mtima kuti dokotala asokepo, kwina konseko kukugunda.

Tsono kunabwera maloboti. Lotchuka ndi da Vinci, limene boma la Amereka linaliloleza m'chaka cha 2000, ndipo linafika ku chipatala china cha ku Pretoria mu 2013. Musaganize kuti limachita opaleshoni palokha, ayi. Dokotala amakhala pambali, maso ali pa kanema, zala zikuyendetsa timikono tolowa m'thupi. Dzanja la munthu aliyense limanjenjemera ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi. Kompyuta imasefa kunjenjemerako, ndipo dokotala akasuntha dzanja masentimita atatu, kachipangizo kangasunthe sentimita imodzi yokha. Pamenepa lakonza dzanja la dokotala basi. Chiwalo cha wodwala chikuyendabe.

Apa ndiye mutchere khutu. Makina otsatira chiwalo amayenera kuchiona ndi kamera, kuwerengera pamene chili, kenako kusuntha mkono. Zonsezi zimadya nthawi. Tiyerekeze chotupa cha m'mapapo chikusuntha masentimita awiri m'masekondi awiri, makina n'kuchedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Chisomo angatiwerengere pa bolodi: akamafika, chotupa chapita kale milimita imodzi. Musaipeputse milimitayo, pakuti mitsempha yodyetsa mtima, imene madokotala amasoka, ina ndi ya mamilimita awiri okha, ndipo mtima umathamanga kuposa mapapo.

Anyamata amene munalasapo njiwa youluka ndi legeni mukudziwa kuti mwala umaponyedwa kumene njiwa ikupita, chifukwa pamene mwaiona yachokapo kale. Makinanso amayenera kulosera.

CyberKnife, makina amene John Adler wa ku Stanford anayamba kuthandizira nawo odwala mu 1994, ndi mkono wa loboti wonyamula chida chowotcha khansa ndi cheza. Dzinalo likunena mpeni, koma sacheka khungu. Poyamba adokotala amalowetsa timibulu tagolide m'chotupa kapena pafupi nacho, kuti tizioneka pa ekisire. Wodwala amavala kamalaya kothina kokhala ndi timagetsi, ndipo kamera imationa tikukwera ndi kutsika mosalekeza. Ekisire imajambula mwa apo ndi apo chabe, popeza cheza chochuluka chimavulaza. Kompyuta imagwirizanitsa ziwirizi: chifuwa chikakwera chonchi, chotupa chimakhala apa. Ikaphunzira kapumidwe ka munthuyo, imawerengeratu pamene chotupa chifike posachedwa, mkono n'kumayenda nacho limodzi. Ndi galafu yokwera ndi kutsika yomwe ija timajambula m'masamu a Fomu 4, imene ena a inu mumandifunsa kuti idzakuthandizani chiyani.

Koma munthu sapuma ngati wotchi. Amatsokomola, amausa moyo, mantha akamugwira amapuma mofulumira. Zikatero zimene kompyuta inalosera zimasiyana ndi zimene ekisire ikuonetsa, ndipo kusiyanako kukapitirira malire amene madokotala anaika, makina amazimitsa cheza, n'kudikira kuti aphunzirenso. Kwa ine mbali imeneyi ndi yofunika kuposa liwiro la mkonowo, chifukwa kuseri kwa chotupa kuli mapapo abwinobwino a mayi wa munthu, ndipo pamene pawotchedwa molakwa sipabwereranso. N'chifukwa chake ogwira ntchito amayamba akhala pansi ndi wodwala, kumulimbitsa mtima ndi kumuphunzitsa kupuma mofatsa asanayatse chilichonse.

Pa mtima nkhaniyi sinathe. Ofufuza apanga timikono toyenda limodzi ndi kugunda kwake, kuti pa kanema dokotala aziuona ngati waima, koma mtima wodwala umadumphitsa kagundidwe mosachenjeza. Kufiyeta, madokotala akuugwirabe ndi chipangizo choyamwa chija, kapena kuuimitsa kaye monga kale.